Mphindi Zitatu za Utsi wa M'khitchini

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kutali komwe muliko. Ife kuno tilipo.

Mpikisano wa kuyunivesite uja wadutsa, mtima wanga wakhala pansi. Lamulo lake n'loti wophunzira wa digiri yachiwiri afotokozere anthu wamba kafukufuku wake m'mphindi zitatu, ndi chithunzi chimodzi chokha. Ukapitirira, belu limalira, wagwa basi. Ine zaka ziwiri ndikuyeza utsi wa m'makhitchini, ndiye akuti mphindi zitatu!

Nditayeserera pamaso pa anzanga a mu labu, anawomba m'manja. Nditayeserera pamaso pa amayi, anandifunsa kuti, "Iwe, ukulankhula kapena ukupemphera?" Ndinang'amba pepala lonse. M'malo mwa manambala ndinaika chithunzi cha khoma la khitchini yathu, lakuda bii ndi mwaye, n'kufunsa anthu kuti: ngati khoma lada chonchi, nanga mapapo a wophika?

Pa zotsatira za mpikisanowo ndinakhala wachitatu, koma belu silinandipeze. Amayi anali pampando wakutsogolo, akutsokomola monga mwa masiku onse. Potuluka anandikalipira kuti ndawayalutsa poonetsa anthu khoma losapaka laimu. Kenaka, tili pakhomo la holo, anangoti, "Lolemba undiperekeze kuchipatala kuja."

Amalume, miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikuwachonderera! Tinapitadi, anawajambula pachifuwa. Adokotala akufuna kutionanso Lachinayi, akuti amayi asabwere okha. Mwina ndi mmene amachitira ndi aliyense.

Mukapeza tchuthi, musadikire kutha kwa chaka.

Ndine mwana wa mlongo wanu.