Timaselo Tanga Tinkangozizidwa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja, kutupa kunachepa? Ine kuno ndili bwino, moti ndikulemba uku ndikumwetulira ndekha ngati wopenga.

M'kalata yapita ija ndinadandaula kuti ntchito yandikanika, ndipo apulofesa anati zikapitirira choncho malo anga apatsa wina, ine ndibwerere kwathu. Tsono imvani mmene zathera.

Paja timatenga timaselo ta mtima wa khoswe n'kutisunga m'timbale tagalasi, m'kabati yofunda ngati thupi la munthu. Achemwali, timaseloti timagunda tokha, khoswe mwini wake kulibe! Kaselo kalikonse kali ndi timizati m'kati mwake togwira kuti kasaphwasuke. Pali mankhwala ena ogumula timizatito, ena otiumitsa gwa. Ine ndimathira mankhwalawo n'kuyang'ana kagundidwe pa maikulosikopu, chifukwa odwala ena amamwa mankhwala otere ndipo madokotala akufuna kudziwa zimene amachita kumtima.

Vuto linali lakuti zotsatira sizinkagwirizana. Mankhwala omwewo, lero timaselo tithamange, mawa tizigunda mwaulesi ngati tadzuka ndi malungo. Ndinasintha madzi, ndinasintha mabotolo, mpaka tsiku lina ndinakalirira m'bafa.

Sabata yatha apulofesa anati akufuna aone ndi maso awo, ndiye ananditsata kuyambira pa kabati. Chipinda cha maikulosikopu chili kumapeto kwa khonde lalitali, lozizira kwambiri. Pakhondepo ndinakumana ndi mayi wina wachikulire amene amakolopa, timagwirizana. Inu mukudziwa mmene amayi anatilerera, kuti munthu wamkulu sadutsidwa ngati mtengo. Ndinaima, kambale kali m'manja, n'kuwafunsa za msana wawo ndi za mdzukulu wawo amene akumera mano. Iwonso anafunsa zanga.

Apulofesa anadikira mpaka tinamaliza, kenako anandifunsa ngati ndimachita zimenezi tsiku lililonse. Ndinati ayi, pokhapokha mayiwa akakhala pa ntchito m'mawa. Anagwira kunsi kwa kambale kaja, n'kupeza kazizira. Anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Mankhwala alibe mlandu," anatero. "Timaselo tako timangozizidwa pamene iwe ukupereka moni."

Ndinachita manyazi, koma chimwemwe chinaposa manyaziwo. Tsopano timbale ndimanyamulira m'kabokosi kofunda, ndipo moni ndimapereka pobwerera. Mayi aja ndinawafotokozera kuti asandiyese wonyada, ndiye masiku ano akangondiona ndi kabokosi amandipirikitsa ndi chokolopera. Zotsatira zayamba kumveka: mankhwala ogumula timizati akufulumizitsa kagundidwe, pamene oumitsa aja akuchititsa timaselo kugunda mopunthwapunthwa. Dzulo apulofesa anandiuza kuti malo ndi anga mpaka ndidzamalize maphunziro.

Pempho langa ndi limodzi. Munandilembera kuti amayi atamva zoti mwina ndibwera, anatulutsa makina anu osokera m'chipinda changa, anachapa makatani, ndipo akuuza aliyense wodutsa kuti mwana akubwera. Zimenezo ndiye zikundipweteka pakati pa chisangalalo chonsechi. Chonde musawauze pafoni, kapena muli chiimirire. Mupite mukakhale nawo pansi, muwawerengere kalatayi pang'onopang'ono, amve kuti chimene chinatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito ndi ulemu umene anandiphunzitsa okha. Akaseka, m'pamene muwauze kuti chaka chino sindibwera. Makinawo musafulumire kuwabwezera m'chipindamo, adzanene okha.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali, amalume ndi ana onse. Amayi muwagwire dzanja nthawi yaitali m'malo mwanga.

Tsalani bwino,
ine mng'ono wanu,
mzime wa amayi