Zithunzi za Ana Anjala Sindijambula

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi mtima ukuwira, ndiye mukapeza mawu ena akuthwa mundikhululukire. Ndine mphunzitsi wamkazi kuno ku Ntaja, ndipo ndimayang'anira matabuleti ophunzirira ana m'sukulu za m'zoni yathu. Matabuletiwa, pamodzi ndi masola owatchajira, anabwera ndi bungwe lina lomwe ofesi yake ili ku Balaka. Makiyi a mabokosi ndimasunga ine, tabuleti ikafa amaimbira ine, malipoti opita kubungweko ndimatumizanso ine.

Njala ya chaka chino mukuidziwa. Chimanga chinauma chisanabereke, anthu kuno akuwiritsa mango aawisi, ena mpaka chitedze. Ana amabwera m'mimba mulibe kanthu, ena amasinza tabuleti ili m'manja.

Teremu yatha kunabwera a Willard, mkulu wa pulojekitiyi, ali ndi munthu wojambula. Sanajambule ana onse, iyayi. Ankachita kusankha owonda ndi a yunifolomu yong'ambika. Mmodzi mwa iwo anali Halima wa sitandade 4, mwana wanzeru zake. Anamuuza kuti avule masilipasi ndipo asamwetulire. Chithunzicho anakachiika pa Facebook, pansi pake atalemba m'Chingerezi kuti mwanayu alibe womudyetsa.

Bambo ake a Halima, a Sufiyani, ali ku Joni, ndipo amatumiza kangachepe komwe apeza. Anawaonetsa chithunzicho ndi anzawo ogona nawo nyumba imodzi, uku akuwaseka: "Che Sufiyani, munafa liti osatiuza?" Bambowo anaimba foni kumudzi atalusa. Anakalipira mkazi wawo kuti wagulitsa mwana kwa azungu, n'kulamula kuti Halima asadzapondenso pasukulu. Mayi ake anandipeza ndikutseka mabokosi, misozi ili mbwembwembwe. "Madamu, ine anandifunsa ndani?" Nditafufuza ndinamva kuti ahedi athu, a Wadson, anasaina okha chilolezo m'malo mwa makolo onse, ati pasukulu kholo ndi iwowo.

Tsopano a Willard akufuna zithunzi zina, ati ndijambule ineyo ndi matabuleti omwewo poti ana anandizolowera. Pafoni anati: "Madamu, opereka thandizo kunjaku sawerenga malipoti, amaona nkhope. Popanda zithunzi, chaka chamawa tinyamula matabuleti ndi masola omwe, ndipo za phala la ana lomwe tinkaganiza zoyambitsa lija muiwale." Ndinawakumbutsa kuti pamaphunziro omwe anatichititsa iwo eni ku Liwonde anatiuza kuti lamulo silola kujambula ndi kufalitsa mwana popanda chilolezo cha kholo. Anaseka. "Ndiye lamulolo lidzawaphikira phala anawo?"

Aphungu, ine ndatemetsa nkhwangwa pamwala. Sindijambula, ndipo makiyi sindipereka kuti ajambule wina. Ahedi sakundilankhula. Aphunzitsi anzanga akuti ndikudzimva, ati poti ndimalandira pakutha pa mwezi, njala ya ana sindikuimva. Zimenezo zimandipweteka, chifukwa mwana akakomoka pa asembule womunyamula ndimakhala ine ndemwe. Koma kodi munthu akasauka ndiye kuti alibenso ulemu? Mwana wa mwini tizimuyalutsa padziko lonse chifukwa cha kapu ya phala? Akafuna anyamule matabuleti awowo, bolodi ndi choko sizinathe ntchito. Komabe kunena zoona, ndikaona ana akusinza, phalalo limandiyenda m'mutu. Ndiuzeni mosabisa, ndili pachoonadi kapena ndangouma mutu?

T. L., Ntaja

Amayi T. L.,

Mutu wanu ndi wouma ndithu, koma waumira poyenera. Musajambule. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu m'dziko muno limafuna kuti pa za mwana, wovomera akhale kholo kapena womulera. Ahedi si kholo la ana a eni, olo atakhala ndi chidindo chachikulu bwanji. Ndipo dziwani kuti mukajambula ndi manja anu, nkhani ikadzavuta a Willard adzakhala ali ku Balaka, woyankha mudzakhala inu.

Mawu akuti "anyamule matabuleti awowo" okhawo ndiye mubweze. Matabuletiwo si anu oti muwataye chifukwa mwapsa mtima, ndi a ana. Limbanani kuti zonse zitsale, matabuleti ndi ulemu womwe.

Yambani ndi a Willard. Auzeni mwaulemu kuti zomwe ananena pafonizo azilembe ndi kusainira. Muona chibwibwi chawo. Mabungwe ambiri othandiza ana ali ndi malamulo awoawo oteteza ana, ndipo opereka thandizo amadana nazo kwambiri akamva kuti anaonetsedwa bodza. Choncho lemberani akuluakulu a bungwelo, alangizi a zoni yanu adziwenso, kuti chithunzi chija chichotsedwe ndipo banjalo lipepesedwe. Lembani zomwe zinachitika basi, osathira tsabola.

Kenako itanani makolo kudzera mu komiti ya sukulu. Uthenga ulengezedwe ku mzikiti Lachisanu ndi ku matchalitchi Lamulungu. Afotokozereni m'Chiyao ndi m'Chichewa kuti chithunzi chikapita pa Facebook chimafika kuti, ndipo mabanja amene bambo ali ku Joni awaimbire foni kaye, amalume a mwana asawadumphenso. Ena adzavomera, ndipo musawakwiyire. Ufulu umenewo ndi wawo. Mukawakanira nonse popanda kuwafunsa, mwachita zomwe anachita a Wadson, kungoti inu mwatembenuza. Ovomerawo ana awo ajambulidwe akuphunzira, atavala zomwe avala tsikulo, ndipo mawu a pansi pake akhale oona. Mukatero a Willard sanganenenso kuti mwakana kugwira ntchito.

Za phala musaziike m'thumba la munthu mmodzi amene akukuopsezani nazo. Komiti ndi alangizi a zoni apite kukhonsolo ndi kumabungwe ena akafotokoze za ana amene akujomba ndi kukomoka. Njala ya ku Machinga sikusowa umboni woti mpaka mwana avule masilipasi. Sindikulonjezani kuti matabuletiwo atsala. Mwina adzanyamuladi, ndipo anzanu adzakulozani chala. Zikadzatero mudzapirire, mlandu udzakhala wa wonyamulayo.

Koma musatanganidwe ndi nkhondo n'kuiwala Halima amene wangokhala pakhomo. Tengani amalume ake ndi shehe wa m'mudzimo, muwaimbire bambowo mayi ake ali pomwepo. Amve kuchokera pakamwa panu kuti mkazi wawo sanafunsidwe ndipo sanalandire kanthu. Munthuyo anachititsidwa manyazi pakati pa anzake kudziko la eni, ndiye muyambe ndi kupepesa, za sukulu zibwere pambuyo.

Chomaliza ndi chenjezo, ndipo mulimve bwino. Pamsonkhano wa makolo musadzatchule mwanayu kuti mupambane mkangano. Ndikunena izi chifukwa m'kalata yanu munalemba dzina lake lenileni, la bambo ake, la mudzi wawo, ndi zomwe anawanena anzawo ku Joni, n'kutumiza kunyuzipepala yowerengedwa dziko lonse. Mudziwo ndauchotsa, mayina onsewa ndasintha ndine, ndi zilembo za dzina lanu zomwe. Mayi uja anakufunsani akulira kuti anamufunsa ndani. Inunso simunamufunse.

Aphungu