Dzina la Malume Litsogole

Bambo a mwana,

Pepani, ndachoka muli m'bafa. Achemwali aimba foni kuti malume akuwalowetsa ku opaleshoni m'mawa uno, osati mawa. Ndamutenga mwana, tathamangira kuchipatala. Ndikufuna asanalowe amve kuti mwanayu tamutcha dzina lawo.

Zikomo chifukwa cha dzulo. Ndikudziwa mumafunitsitsa kuti dzina la bambo anu likhale loyamba. Koma nditakukumbutsani mmene malume anandilerera ndi kamakina kawo kosokera amayi atamwalira, munangoti, "Basi, lawo litsogole, la bambo likhale lapakati." 

Tsopano ntchito yanu ndi iyi: muwaimbire bambo asanamve kwa ena. Akadandaula, muwauze kuti ndawateteza. Dzina loyamba ndi limene tizidzakuwa mwanayu akakwera patebulo. Ine ndizikalipira dzina la apongozi anga tsiku lililonse, aneba akumva? Malume palibe vuto, ndinayamba kalekale kuwavutitsa.

Mkaka wasefukira pachitofu, sindinapukute. Matewera ali m'ndowa, muyanike.

Muwapempherere malume atuluke bwino. Ndikufuna mwanayu adzakule akumudziwa mwini dzina.

Mayi a mwana