Ndinasuntha mpando wa Mayi Norah

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye, ndimakhala ku Pamodzi kuno ku Ndola ndi ana anga awiri, Themba ndi Glory, koma ntchito ndimagwira ku Kitwe. Ndine kalaliki pa kampani ina yogulitsa zipangizo za m'migodi, kumbali ya mafakitale. Anthu akamva zimenezi amandiyang'ana ngati mutu sukuyenda bwino, kugona tauni ina n'kumagwira ntchito tauni ina. Kale sizinali zovuta. Amuna anga a McDonald nawonso ankagwira ntchito ku Kitwe ndipo anali ndi galimoto ya kuntchito. Tinkanyamuka limodzi m'mawa, iwo pa chiwongolero, ine pambali pawo ndi fulasiki ya tiyi pamiyendo, n'kukandisiya pageti penipeni. Anamwalira chaka chatha, ndipo tenti ya maliro itangotsitsidwa kampani inatuma munthu kudzatenga galimoto. Sindiwada, inali yawo.

Ndipamene ndinadziwa kuti matauni athuwa anamangidwira anthu a matayala. Ndimadzuka tambala asanaganize zolira, n'kukwera minibasi ya ku Pamodzi mpaka m'tauni, kenako wapansi kukafika pokwerera mabasi a ku Kitwe. Kumeneko basi siinyamuka isanadzaze. Kondakitala amakuwa m'Chibemba kuti "Umo fye!", kuti watsala munthu mmodzi yekha, iwe n'kuthamanga ndi chikwama chako. Ukakhala pansi, ena amene unawapezamo amayamba kutsika mmodzimmodzi, poti anangolembedwa ganyu yokhalira mipando kuti basi ioneke yodzaza. Ukafika ku Kitwe nkhondo siinathe. Kumafakitale minibasi n'zosowa, ndiye umayenda m'mphepete mwa msewu wopanda poponda anthu, malole akukupopera fumbi, ndipo nthawi ya mvula akukupopera matope. Ndinayamba kuchedwa. Abwana anandiitana n'kundiuza mwaulemu kuti za maliro amazimvetsa, koma anthu a m'migodi sadikira, ndipo kontirakiti yanga ikamatha mwezi wa Juni adzayang'ana nkhani ya nthawi. Aphungu, ntchito imeneyi ndi imene ikudyetsa ana.

Amene anandimvera chisoni ndi Mayi Norah, mnzanga wa ku Mvano kumpingo kwathu. Mayi amenewa ndi amene anagona pamatilesi pambali panga masiku onse a maliro, n'kumandikakamiza kumwa phala pamene ndinkakana kudya. Amuna awo, Bambo Festus, ndi mkulu wa mpingo ndipo amapita ku Kitwe tsiku lililonse pa galimoto yawo. Mayi Norah okha ndi amene anandiuza kuti, "Ba Ruby, bwanji muvutika na mabasi? Ba Festus bayenda beka na motoka yonse. Muzikwela chabe." Ndinalira ndi chimwemwe. Ndinkakhala kumbuyo, monga aliyense woleredwa amadziwira, ndipo kuchedwa kunatheratu.

Zinasokonekera Lachisanu lina. Mayi Norah amaweta nkhuku zogulitsa, ndipo tsiku limenelo panali kasitomala wa ku Kitwe. Nditafika ndinapeza mpando wonse wakumbuyo wadzaza makatoni a nkhuku zamoyo, mitu ili pamabowo. Bambo Festus anangotsegula chitseko chakutsogolo n'kunena kuti ndikhale pamenepo, tachedwa. Ndinakhala. Tsono Mayi Norah ndi aafupi ndipo mpando wawo umakhala pafupi kwambiri, pamene ine ndine wamtali. Mawondo atagunda kutsogolo, dzanja langa linangopita lokha pansi pa mpando n'kuukokera kumbuyo, monga ndinkachitira m'galimoto ya a McDonald. Ndisakubisireni, nditatambasula miyendo n'kuona msewu wa ku Kitwe ukubwera pagalasi lakutsogolo, mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa malo amenewo ndinawakhala zaka zambiri. Ndinayang'ana kuwindo njira yonse kuti Bambo Festus asaone misozi. Za kubwezera mpando sizinabwere n'komwe m'mutu. Ndipo potuluka mu Pamodzi tinadutsa pa siteji pomwe theka la mpingo wathu limadikira basi.

Lamlungu, titatuluka m'tchalitchi, ndinapita kukapatsa moni Mayi Norah pagulu la amayi. Sanandipatse dzanja. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Lelo miyendo yanga siinafike pansi mu motoka ya bamuna banga. Kansi mpando wanga una mwine wina, wamutali." Amayi ena anayang'ana pansi, ena anatsokomola. Ndinangotenga Glory n'kumapita, manyazi atandigwira ngati ndavulidwa.

Kuyambira tsiku limenelo sindinakwerenso, ndipo ndabwerera kwa anzanga a "Umo fye". Sabata yathayi ndachedwa kale. Ku Mvano ndikamalowa nkhani zimatha. Dzana Bambo Festus anandiimbira foni, akumveka kuti akumva chisoni, nati, "Osataya nchito cifukwa ca nkhani za bazimai. Nizakutengani pa filing'i ya mafuta ya kunja kwa tauni, kulibe azaona." Mkulu wanga Priscah wa ku Kamitondo ku Kitwe akuti ndisamukire kwake, koma nyumba yake ndi yaing'ono, ndipo Themba akulemba mayeso omaliza a sekondale chaka chino, sindingamuzule pasukulu.

Aphungu, Mulungu ndi mboni, ndi Bambo Festus sitinalankhulepo china koposa nyengo ndi mitengo ya mafuta. Ndivomere zokwera mobisazi mpaka Juni adutse? Kapena ndingosiya ntchito iwonongeke kuti dzina langa litsale? Ndipo Mayi Norah ndiwatani? Ndakwiya nawo, komanso ndikuwasowa.

R.M., Ndola


Mayi R.M.,

Pepani ndi imfa ya amuna anu, ndipo pepani ndi ulendo umene mukuyenda tsiku ndi tsikuwu. Amene sanadikirepo basi ikudzaza ndi anthu abodza sangadziwe mmene mtima umathamangira ukamaona dzuwa likukwera. Simunachimwe. Munalakwitsa kanthu kakang'ono pamalo pamene kanthu kakang'ono kamaoneka kakakulu. Kwathu kuno mpando wakutsogolo uli ndi mwini wake, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine chifukwa munali nawo wanu.

Tiyambe ndi foni ya Bambo Festus, poti ndiyo yoopsa. Akanizeni lero lomwe, mwaulemu koma mosazungulira. Mwina akunena ndi mtima wabwino, koma mtima wabwino wopanda nzeru wapasula mabanja ambiri. Zimene zinachitika Lachisanu lija zinachitika masana, pamaso pa siteji yonse, nkhuku zili mboni, ndipo n'zosavuta kufotokoza. Mukayamba kukumana pa filing'i kunja kwa tauni, mwapatsa anthu nkhani imene pakali pano alibe. Msewu wa Ndola ndi Kitwe ndi umodzi, ndipo mabasi onse odutsapo ali ndi mawindo. Tsiku limene adzakuonani, ngakhale mutalumbira ndi Baibulo m'manja, palibe adzakukhulupirirani, ndipo Mayi Norah adzakhala kuti ananena zoona. Mkulu wa mpingo anayenera kuuza mkazi wake madzulo omwewo kuti lero ndinakhazika mlendo pamalo panu chifukwa cha nkhuku zanu. Sanatero. Musalole kuti akonze kulakwa kwake ndi kulakwa kwina kokulirapo, inu n'kusenza mlandu.

Kwa Mayi Norah pitani nokha, Loweruka masana, pamene bambo kulibe. Musatenge abusa kapena amayi a Mvano, chifukwa nkhaniyi yakula kale ndi kuchuluka kwa makutu. Akakhala ali kukhola, alondoleni komweko. Musayambe ndi kuwakumbutsa kuti nkhuku zinali zawo, ngakhale n'zoona. Auzeni zimene mwandiuza ine, kuti dzanja linapita lokha pansi pa mpando chifukwa linazolowera galimoto ya a McDonald, ndi kuti munalira mpaka ku Kitwe. Pepesani chifukwa chosuntha mpando ndi chifukwa chosawauza, koma musapepese tchimo limene simunachite. Taganizirani mbali yawo. Anakupatsani thandizo ndi manja awiri, kenako anamva nkhani kwa anthu a pa siteji, ndipo Lamlungu m'mawa miyendo yawo inawatsimikizira. Mawu amene anakuponyerani pagulu anali oipa, ndipo muli ndi chifukwa chokwiyira. Komabe mayi amene anagona pambali panu pa maliro si mdani wanu. Mwina adzakuumirani mtima tsiku loyamba. Musaumirize, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano za ulendo, chifukwa ngakhale mutagwirizananso, ntchito yodyetsa ana isamadalire galimoto ya banja lina. Pitani kwa abwana musanachedwenso, osadikira kuti akuitaneni. Auzeni mmene mumayendera ndipo pemphani ngati n'kotheka kuti muziyamba mochedwerapo n'kumaweruka mochedwerapo, kapena kubweza nthawiyo Loweruka. Funsaninso ngati pali galimoto ya kampani yanu kapena ya makampani oyandikana nawo imene imanyamula antchito kuchokera ku Ndola. Bwana amamvera bwino munthu wobwera ndi njira kusiyana ndi wobwera ndi pepani.

Mawa pa siteji yang'anani nkhope. Mupeza kuti anthu amene mumadikira nawo ndi omwewomwewo tsiku lililonse, manesi, aphunzitsi, akalaliki anzanu, onse mtima uli m'mwamba ngati inu. Mutu umodzi susenza denga. Lankhulani ndi angapo a ku Pamodzi, makamaka amayi, mupangane ndi woyendetsa takisi mmodzi wodziwika, wa mapepala ake, kuti azikutengani m'mawa n'kukakusiyani kufupi ndi kuntchito. Mukagawana mtengo sizisiyana kwambiri ndi mabasi awiri amene mukukwerawa. Pamene mukukonza zimenezo, dziwani kuti basi yoyambirira imadzaza ndi anthu enieni othamangira ntchito, choncho siichedwa. Dziwanani ndi kondakitala wake, tengani nambala yake, azikusungirani malo. Nsapato zabwino zisiyeni mu ofesi, mumsewu muziyenda ndi zolimbana ndi matope.

Priscah musamukane kotheratu. Simukuyenera kusamuka kuti mugone kwake usiku umodzi kapena uwiri pa sabata, makamaka masiku amene kuntchito kumachuluka makasitomala m'mawa, bola mupeze wachibale wamkulu wogona ndi ana. Themba akamaliza mayeso, khalani pansi muganize mofatsa ngati si bwino kuika alendi m'nyumba ya ku Pamodzi n'kukakhala kufupi ndi ntchito. Zimenezo n'za mtsogolo, pakali pano tingofuna Juni akupezeni muli pa desiki panu.

Chenjezo langa ndi ili. Kuchedwa kusakukakamizeni kuimitsa galimoto za anthu osawadziwa pamsewu waukulu muli nokha. Ana anu ataya kale kholo limodzi. Ndipo tsiku lina Mayi Norah akadzati muyambenso kukwera, mawuwo achoke pakamwa pawo, mukwere pamodzi ndi munthu wina wa ku Pamodzi, ndipo inu mubwerere kumbuyo. Mukapezako makatoni, anyamuleni pamiyendo mpaka ku Kitwe. Nkhuku zidzakudetsani siketi, koma sizipita ku Mvano.

Aphungu