Khoma la Benchi Lomaliza

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YOSAMALA NYUMBA YOPEMPHERERAMO

Tsiku: Loweruka, pa 14 Seputembala
Malo: Chipinda chovaliramo abusa. Masiku onse timakumana m'tchalitchi, koma lero palibe anafuna kukhalamo.
Opezeka: Wapampando, Mkulu wa mpingo, Mtsogoleri wa amayi, Wopenta, Mlembi
Woitanidwa: Mayi telala, membala wa mpingo uno
Osapezeka: Abusa (ali kumaliro), Mkulu wa kwaya (sanatumize mawu)

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana ndi pemphero lalifupi.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo

Mlembi anawerenga. Atafika pa mfundo yoti "tifufute zolembalemba zonse za pakhoma la benchi lomaliza abishopu asanabwere kudzapatula nyumbayi," Mtsogoleri wa amayi anafunsa kuti mawu oti "zolembalemba" anachokera kwa yani. Mlembi anavomera kuti anawasankha yekha. Zolembedwazo zinavomerezedwa osasintha kanthu, popeza zinali zoona.

3. Nkhani ya khoma

Wapampando anapempha kuti mbiri ya khomali ilembedwe, kuti odzawerenga m'tsogolo asamati sitinkadziwa. Kuyambira pamene nyumbayi inalibe denga, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, anthu akhala akulemba ndi pensulo mayina a abale awo odwala ndi omwalira pakhoma la kumbuyo, m'munsi mwa zenera. Palibe anawauza kutero, palibenso anawaletsa. Ena ankafika msanga Lamulungu, n'kukhudza dzina ndi chala asanakhale pansi. Komiti ino inalamula kuti khomalo lipakidwe penti woyera, ndipo linapakidwa.

Mkulu wa mpingo anati sakuona cholakwa. Anati nyumba imayera ndi pemphero la kupatula ndi mafuta odzozera, kotero kufikira Lamulungu lapitali inali nyumba wamba, ndipo khoma lake linali khoma wamba. Mtsogoleri wa amayi anati ngati zili choncho ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikugwada mu holo, ndipo ukwati wa Akuluwo unamangidwira mu holo momwemo. Mkulu wa mpingo anapempha kuti mawu amenewa asalembedwe. Alembedwa.

Wapampando anati tisabisale kumbuyo kwa chiphunzitso. Anati tsiku lomwe tinagwirizana zopaka pentiyo palibe anatsegula Baibulo. Tinkaopa kuti alendo akatinena kuti ndife auve. Anakumbutsanso komiti kuti abishopu analowera khomo la m'mbali, n'kutulukira komweko, ndipo kumbuyoko sanapondeko.

Wopenta anafunsidwa ngati mayinawo angaoneke tikapala penti. Anayankha kuti ayi. Pensulo imaonekera pansi pa penti woyera, choncho anayamba wapala khoma lonse ndi sandipepa. Anati ali mkati mopala anayamba kuwerenga mayinawo, ndipo anatsika pamakwerero kukafunsa Mlembi ngati pali amene wawakopera m'kope. Mlembi anamuyankha kuti apitirize, nthawi yatha. Mlembi sakutsutsa zimenezi, ndipo akuchita manyazi pozilemba.

4. Pempho la Mayi telala

Mayi telala akhala mu mpingo uno chiyambire, ndipo nsalu ya paguwa yomwe abishopu anayamikira anasoka ndi iwowa. Sabata yatha analemba kupempha kalata yosamukira ku mpingo wina. Komiti inawaitana pofuna kuwapepesa ndi kuwabweza.

Wapampando anaimirira popepesa. Anati komiti ikhoma thabwa losalala pamalo omwewo kuti aliyense alembenso dzina la m'bale wake. Mayiwo anapempha kuti yankho lawo lilembedwe momwe alinenera, ndipo nali:

"Bambo Wapampando, thabwa ndi labwino, ena akondwa nalo. Koma dzina la mwana wanga lija sindinalembe ndine. Analemba ndi bambo ake a mwana, tsiku lomwe tinachoka kuchipatala ndi nsalu yokha. Mwanayo anakhala masiku awiri. Manda ake sindiwadziwa, anakamuika ine ndili chigonere. Bambo akewo nawonso anatisiya. Ndiye ine ndikawafuna awiriwa ndimabwera pakhoma paja, dzina la wina, dzanja la wina. Pathabwapo alemba ndani?"

Mkulu wa mpingo ananena, motsitsa mawu, kuti Mulungu sakhala pakhoma. Mayiwo anayankha kuti: "Ndikudziwa, Akulu, Sande sukulu ndinapita. Koma inu mumakumana naye kutsogolo, ife akumbuyo tinali ndi pathu pokumanira naye. Lamulungu lija munati nyumba yayera. Ine ndinalowa, ndinayang'ana, ndinaona kuyeradi, mbuu, ngati m'chipatala muja."

Wopenta anatuluka panja, n'kubwerako maso ali ofiira.

Mtsogoleri wa amayi anawapempha, monga mnzawo wa pa benchi limodzi, kuti adikireko mwezi umodzi mtima utsike. Mayiwo anati sakuchoka ndi mkwiyo, koma sangathe kupemphera atafulatira khoma limenelo, ndiponso sangathe kuliyang'ana. Komiti inagwirizana kupereka kalatayo. Wapampando anati tilibe nkhope yowakanizira.

5. Zina ndi zina

Mayi telala ali kale pakhomo anabwerera, n'kupempha kuti kalatayo ikhale ya anthu awiri, iwo ndi mwana wawo, popeza muno tamuchotsa kale ndipo alibe pena pomusiya.

Lamulo la mpingo limati pa kalata yosamukira pamalembedwa obatizidwa okha, ndipo mwanayo sanabatizidwe. Aliyense anayang'ana Mkulu wa mpingo, amene lamuloli amalidziwa pamtima. Akuluwo anati ndi iwo amene akupereka ganizo loti lero lamulolo lidumphidwe, ndipo abusa akafunsa, akayankha okha. Onse anavomera.

Mlembi anatenga cholembera kuti alembe dzina la mwanayo. Anayang'ana Wapampando, Wapampando anayang'ana Mtsogoleri wa amayi. Zinapezeka kuti pa anthu asanu amene tinalifufuta, palibe ndi mmodzi yemwe amalidziwa. Mlembi anafunsa mwini wake. Mayiwo anati: "M'buku lanulo lisalowe, a Mlembi. Siyani mpata pakalatapo. Ndikalemba ndekha ndikafika kumene ndikupitako."

6. Msonkhano wotsatira

Udzakhala Loweruka, pa 12 Okotobala, 2 koloko masana. Mawa m'mapemphero Wapampando adzaimirira pamaso pa mpingo ndi kunena zimene komiti ino inachita, asanatchule za thabwa.

7. Kutseka

Wapampando anapempha Mlembi kuti atseke ndi pemphero. Mlembi anayamba koma sanathe kumaliza, ndipo msonkhano unatha choncho, nthawi itakwana 3:40 masana. Kalata ya Mayi telala yalembedwa lero lomwe. Ili ndi dzina limodzi ndi mzere wopanda kanthu, ndipo tonse awiri, Wapampando ndi Mlembi, tasaina m'munsi mwa mzerewo.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________