A Nabanda Asanu ndi Awiri

Okondedwa Malume Overton,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kabudula mtedza takumba, ndipo amayi akupereka moni.

Paja munkati za kompyuta n'za anthu a ku yunivesite. Ine wa Fomu 4 yemwe ndapangira kalabu yathu ya alimi kaundula wa pa intaneti, osalemba khodi (malamulo a kompyuta aja), kungolumikiza timabokosi basi. Vuto linali lakuti kayendedwe kake kanali m'mutu mwanga mokha. Titafunsa AI, pulogalamu yoyankha mafunso ngati munthu, kuti ndani sanalandire mbewu, inaphatikiza a Nabanda asanu ndi awiri kukhala mayi mmodzi wa minda mbwee! Ikanadziwa bwanji kuti kuno mayi timamutchula ndi mfunda, osati dzina lake?

Ndiye ndaika pulogalamu yomwe imalemba yokha malongosoledwe a kaundula yense, kuti AI iziwerenga. Ndikasintha kanthu, nayo imakonza pomwepo. Pa bokosi la mayina ndinalembapo kuti Nabanda aliyense azidziwika ndi mudzi wake.

Dzulo a Duncan, atcheya athu, anaifunsa okha AI ija pafoni, yankho n'kubwera lolondola. Anati, "Dorica, ndiye kuti zitha kuyenda iwe palibe, eti?" Ndinati eya, monyadira.

Ndinafulumira nazo dala, malume. Chotupa ndinakuuzani chija achiona kuchipatala, ndipo ati Lachiwiri ndipite ku Lilongwe ndi wondidikirira. Amayi ndawauza kuti ndikupita kumaphunziro, musawafunse kanthu.

Kaundula safunanso munthu womuyendetsa tsopano. Koma inu bwerani, musadikire Disembala.

Ndine muphwa wanu,
Dorica