Jenipher Sabwera ku Bulawayo

Mlolo,
Chadiza.
26 Novembala 1978

Okondedwa a Filimoni,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi a kunyumba ndi ana kumeneko ku Bulawayo. Kuno tilipo, mvula yayamba ndipo anthu ali pakalikiliki kubzala. Mwaona pamwambapa kuti sindikulemba kuchokera ku Zemba monga kale. Ndifotokoza, koma mundilole ndiyambire poyambira.

Kalata yanu inafika. Inadzera ku Mchinji monga mwa nthawi zonse, ndipo msuweni wanu uja anabwera nayo panjinga. Iyinso idzera komweko. Ndimamva kuti kwanuko makalata amayamba atsegulidwa asanafike kwa mwini wake, chifukwa cha nkhondo. Ngati ndi choncho, wotsegulayo awerenge ndithu. Mulibe chimene ndingachite nacho manyazi.

Mwina simunaganize kuti ku Zemba wowerengera anthu makalata ndine. A Ebelesi, mayi anu aang'ono, anandiitana, nasonkhanitsa mbumba yonse pakhonde, nandipatsa kalatayo. Choncho ndinawerenga ndi pakamwa panga kuti inu, monga mwini mbumba, mwalola kuti andisudzule ndibwerere kwathu, popeza papita zaka ziwiri chimwalirire mlongo wanu Lonia. Ndinawerenganso kuti mwana wathu Jenipher atumizidwe kwa inu pa Khirisimasi kudzera ku Malawi, akathandize m'nyumba ndi kuphunzira kusoka, chifukwa dziko lopanda sopo silingalere mwana wamkazi. Ndinawerenga kuti dziko lathu tinapusa kutuluka m'Chitaganya cha maiko atatu chija, ndipo tinapusanso kawiri kukana kutsegula malire. Sindinadumphe liwu ngakhale limodzi. Jenipher anali pomwepo akusenda mtedza, ndipo sanatukule mutu.

Za sopo sindikutsutsani. Kulibe. Mchere umabwera mwa apo ndi apo, mafuta ophikira tinaiwala fungo lake. Ndipo si inu nokha amene mumayankhula chotere. Sabata yomweyo tinali pamzere ku depoti kudikira feteleza, ndipo kutsogolo kwanga kunali a Aleck, aja anagwira ntchito mu mgodi wa malasha ku Wanki. Mukuwakumbukira, sasunga mawu m'kamwa. Amanditcha a Fomu Thuu chifukwa ndi pamene ndinalekezera sukulu.

"A Fomu Thuu," anatero mokweza kuti mzere wonse umve, "mwamva wailesi? A boma atsegula njanji ya kummwera. Zaka zonsezi kutiuza kuti tipirire, lero akukagogoda pachitseko chimene anamenyetsa okha!"

Ndinati, "Atsegulira feteleza, a Aleck. Sanatsegulire Chitaganya."

"Feteleza, Chitaganya, zonse zimakwera sitima imodzi. Ine ku Wanki ndinkasamba ndi sopo wonunkhira mpaka atsikana kucheuka. Lero akazi anga achapira masamba a papaya, malaya kumanunkha ngati ndiwo."

Mayi wina kumbuyo kwathu anafuula kuti, "Nanga chifuwa chanucho, si munachitenga ku Wanki komweko? Sopoyo sanachitsuke bwanji?"

Anthu anaseka, iwonso anaseka mpaka kutsokomola. Koma sanagonje. Anati nthawi ya Chitaganya ndalama inali imodzi kuyambira ku Blantyre mpaka ku Bulawayo, ndipo mnyamata akasowa chochita ankangokwera lole, chaka chikatha n'kubwera ndi njinga ndi bulangeti. "Lero anyamata athu apite kuti? Angokhala pamsewu kuwerenga mbuzi za eni." Acheyamani a chipani anali pamzere womwewo ndi thumba lawo lopanda kanthu, ndipo anatsokomola mochenjeza. A Aleck anawacheukira nati, "Acheyamani, musanditsokomolere, malaya anu ndi akuda ngati anga omwe." Acheyamani anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula.

Ine sindine munthu wa mikangano, mukundidziwa. Koma tsiku limenelo ndinayankha. Ndinati njinga ndi mabulangeti zinkabweradi, koma tiwerengenso zimene zinkapita. Kunkapita amuna a mudzi wonse, minda n'kutsala ndi akazi ndi nkhalamba, ndipo ena sanabwerere mpaka lero. Apa ndinkaganiza za inu, ndipo sindibisa. Kunkapita ndalama za mkuwa wathu kukakongoletsa mizinda ya kumeneko, ife ku Fort Jameson tikugulira nyama pazenera ngati odwala khate. Ine ndinasiya sukulu osati chifukwa mutu unakana, koma malo a ana akuda anali ochepa ndipo anali kutali. Lero sekondale ili pa boma pompano, munthu amafikapo panjinga.

A Aleck anafunsa kuti, "Sukulu imadyedwa?"

Ndinati, "Iyayi."

"Basi," anatero.

Feteleza sanabwere tsiku limenelo, ndipo tonse, oyamikira Chitaganya ndi odana nacho, tinabwerera ndi matumba athu opinda m'khwapa. Sindinganene kuti ndinawapambana. Mbali ina akunena zoona, ndipo inunso mbali ina mukunena zoona.

Tsopano ndifike pa mzere umodzi wa m'kalata yanu umene unandivuta kuwerenga pamaso pa anthu. Munati Lonia akanakhala kumeneko sakanamwalira. Simunafunsepo mmene zinayendera, ndipo ine sindinakulembereni. Mphumu yake inamugwira m'mawa tili kudimba. Pachipatala chathu chaching'ono panalibe jakisoni wake, anali atatha kalekale. Galimoto yonyamula odwala inali itakhala pamiyala chifukwa matayala kunalibe. Namwino anachita zimene akanatha, ndipo ndinamuona akupukuta misozi ndi dzanja. Tinamukweza pangolo kuti tikafike kumsewu waukulu. Sitinafike.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati jakisoniyo akanakhalapo malire akanakhala otsegula. Mwina akanakhalapo. Sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa. Koma inu munali musanachoke pamene tinataya mwana wathu woyamba, Ezara. Inali nthawi ya Chitaganya. Sopo anali wodzaza m'sitolo tsiku limenelo, shuga ndi nsalu zomwe, koma chipatala kunalibiretu, ngakhale chopanda mankhwala. Munandithandiza kumunyamula, mukukumbukira pamene tinaima atatisiya panjira. Ndataya munthu m'kati mwa Chitaganya, ndataya munthu kunja kwake. Choncho musandiuze kuti uko kunali moyo ndipo kuno kuli imfa yokha. Kusiyana kumene ndikuona ine n'kwakuti lero ndikakwiya ndimadziwa woti ndimukwiyire, ndipo ndi munthu wa dziko langa, amene nayenso amaima pamzere.

Mwambo wondisudzula unachitika Loweruka lapitalo. Asanayambe, a Ebelesi anandiitanira pambali pamodzi ndi ankhoswe, nandiuza kuti mbumba sikufuna kunditaya. Anati ndakhala nawo bwino, sindinamenyepo mwana wawo, ndipo nyumba ya njerwa ija ndinamanga ndi manja anga. Anati ndikhoza kukhala, munda ndi dimba zikhale zanga, ngati nditenga Keziya, mng'ono wake wa Lonia wa kwa mayi aang'ono, alowe m'nyumbamo. Koma za Jenipher anati mawu ndi a atsibweni ake, sangasinthidwe.

Keziya anali atakhala potero, maso pansi. Ndinamufunsa kuti, "Alamu, inu mwavomera zimenezi?"

Anayankha motsitsa kuti, "Ine sanandifunse."

A Ebelesi anati, "Afunsidwa chiyani mwana? Inu yankhani, atate a Jenipher. Mizere mwaunga kale m'munda monse, mbewu ili m'nkhokwe. Mupita kuti mvula itagwa kale? Ku Mlolo mukadya mchenga?"

Pamenepo ndinaona kuti nthawi anaisankha dala. Anadziwa kuti mkamwini sasiya munda wolimalima m'mwezi wobzala. Ndipo ndikuuzani zoona, mtima unagwedezeka. Ndinayang'ana mango aja tinabzala ndi Lonia chaka chimene Jenipher anabadwa, ndinayang'ana malata, ndinayang'ana kanjira kopita kumanda. Kukhala kunali kosavuta. Ndikanadya bwino chaka chino ndi chamawa, ndipo pa Khirisimasi ndikanaperekeza mwana wanga kukakwera basi ndi manja anga.

Ndinati, "Ndisudzuleni."

Kenaka anachita monga mwa mwambo, ndipo sindidandaula, anachita mwaulemu. Anatulutsa nkhwangwa yanga, khasu, mphasa, Baibulo ndi kabokosi ka zovala, naziika pabwalo. Ankhoswe ananena mawu aja akuti ndilibe mlandu pamudzi, ndine mfulu, ndikhoza kukwatira kumene ndifuna. Amuna awiri ananyamuka kuti andiperekeze mpaka kumalire a mudzi. Mukudziwa kuti pa nthawi imeneyi ana amauzidwa kukhala m'nyumba, asaone atate awo akuchoka. Ine sindinamuitane Jenipher, ndipo sindinapangane naye kanthu. Ndikulemba izi kuti musamve zina kwa ena.

Tisanadutse pa khola la ng'ombe ndinamva a Ebelesi akufuula kuti, "Iwe! Bwerera! Mwana satsata atate, mbumba yako ili kuno!"

Nditacheuka ndinaona Jenipher ataima pakati pa bwalo, atasenza mtolo wa mabuku ndi yunifolomu yake.

Anagwada monga tinamuphunzitsira, nati, "Agogo, ndikhala. Mungondilonjeza pamaso pa anthuwa kuti sindipita ku Bulawayo, kuti ndikakhoza mayeso ndipita ku sekondale."

A Ebelesi anati, "Zimenezo sindingalonjeze ine. Mawu ndi a atsibweni ako."

"Atsibweniwo ali kuti?"

Jenipher anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, nabwera kudzaima kumbuyo kwanga. Mmodzi wa operekeza aja anatambasula dzanja kuti amugwire, koma Keziya anati, "Musiyeni," ndipo dzanjalo linabwerera. Umo ndi mmene tinachokera ku Zemba.

Panjira tinakumana ndi a Aleck akuchokera kumunda. Anaona katundu wathu, nagwira pakamwa. "Ee, a Fomu Thuu, nanunso mwatuluka? Mwasiya malata ndi dimba kukafuna ufulu? Mukasowa sopo musabwere kwa ine!" Anatiseka mpaka tinapota pa ngodya. M'mawa mwake anafika kuno ku Mlolo panjinga ndi dengu la mtedza wa mbewu, nalitula pakhomo, nati ndisawathokoze chifukwa akuonabe kuti ndine chitsiru.

Tikukhala kwa mlongo wanga, m'kanyumba kamene ankasungiramo fodya. Denga likudontha mbali imodzi. Malo amene andipatsa ndi amchenga ndithu, a Ebelesi sananame, ndipo feteleza ndilibe. Chaka chino tidzadya mopereweza. Jenipher analemba mayeso a Giredi 7 kumayambiriro a mwezi uno, ndipo zotsatira zituluka mu Januwale. Mwina akhoza, mwina ayi, sindikulonjezani kanthu. Akakhoza apita ku sekondale ngakhale nditagulitsa njinga. Akalephera adzabwereza. Koma sapita kukasesa m'nyumba ya munthu m'dziko la nkhondo, kumene atsibweni ake omwe amayenda ndi chitupa m'thumba ngati mlendo atagwira ntchito zaka zonsezi. Mundikhululukire ngati mawuwa apweteka. Inunso anu anapweteka.

Sindikukana kuti mwanayu ndi wa mbumba yanu. Mwambo ndikuudziwa, ndinabadwiramo, ndipo nanenso ndili ndi ana a mlongo wanga amene amanditcha atsibweni. Adzapita ku Zemba kukaona agogo ake, adzalimira manda a mayi ake, ndipo tsiku la ukwati wake mawu adzakhala anu. Koma pa Khirisimasi musatume munthu, adzangovutika ulendo pachabe. Ngati muli ndi mawu pa Jenipher, malire akadzatsegukira anthu osati feteleza yekha, mubwere nokha mudzawanene iye akukuonani m'maso.

Mundiperekere moni kwa amayi a kunyumba ndi ana onse, ngakhale sitidziwana nkhope. Mlongo wanga akupereka moni. Ndamufunsa Jenipher ngati ali ndi mawu kwa inu, ndipo wati ndilembe kuti akupereka moni mwaulemu, kuti mayi ake ankakutchulani masiku onse m'pemphero, ndi kuti iye sabwera. Mukadzafika ku Zemba, a Ebelesi adzakulozerani pamene pagona Lonia. Ndinabzalapo maluwa ofiira kumutu, muwauze asawazule polimira. Ine tsopano kumeneko ndine mlendo, ndiyenera kuyamba ndaodira.

Zaka zonsezi ndinkatsiriza makalata anga ndi mawu akuti mlamu wanu. Dzina limenelo anandivula Loweruka lija, monga munalamulira. Latsala limene palibe angandivule.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine,
Atate ake a Jenipher,
Eneya Sakala